Phokoso la kutayala lisanadye mpamba

Probox yodzaza madengu a tomato ikanyamuka ku Lunzu m'bandakucha, n'kudutsa m'tauni ya Blantyre, n'kulowa msewu wa M1 wopita ku Chikwawa kudzera ku Mpemba, pofika pa Madziabango imakhala itakumana kale ndi mahampu, zigwembe ndi fumbi lokwanira. Kawirikawiri apa m'pomwe mmodzi mwa eni katundu amatchera khutu n'kufunsa kuti, "Adalaivala, kodi chikukwecha kutayalaku n'chiyani?" Yankho lake aliyense amene anakwerapo matola akulidziwa: "Musadandaule mayi, imatero imeneyi." Kenako wailesi imakwezedwa, ulendo n'kupitirira.

Nthawi zina adalaivalawo amakhala akunena zoona, chifukwa phokoso lina la kumatayala n'lopanda vuto. Koma kutsogolo kwa Madziabango kuli makona otsikira ku Thabwa ndi ku mlatho wa Kamuzu pa mtsinje wa Shire. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe boma la Chikwawa lili pa mamita pafupifupi 100 okha, ndipo kutsika konseku kumachitika pa ulendo wa makilomita pafupifupi 50. Phokoso lomwe linali longosokosa pa Chileka kapena pa Lirangwe likafika pa mtsetse umenewu limakhudza moyo wa okwera, katundu ndi mpamba wonse womwe wamangidwa m'madengumo.

Mbali inayo ndi ya thumba. Pafupifupi masipeya onse a galimoto amachokera kunja, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake m'mashopu a ku Limbe ndi ku Ndirande idakwera kwambiri. Munthu wogula sipeya mongoganizira, n'kupeza kuti phokoso likadalipo ataimanga kale, wataya phindu la maulendo angapo, ndipo eni mashopu salandiranso chinthu chomwe chamangidwapo kale pa galimoto. Choncho asanatulutse ndalama, mwini galimoto ayenera kudziwa tayala lomwe likulira ndi chomwe chikuliriritsa. Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi angathe kuichita yekha osalipira tambala.

Kumvetsera kaye

Azimitse wailesi, atsitse magalasi onse, ndipo asankhe msewu wosalala, wopanda mtsetse, wopanda magalimoto ambiri. Ndi bwino akhale ndi mnzake pa mpando wa kumbuyo, chifukwa munthu wa pa chiwongolero amanamizika: phokoso la kumbuyo limayenda m'zitsulo za galimoto n'kumamveka ngati lili pansi pa mapazi ake. Kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda wa njerwa kumathandiza, popeza khomalo limabweza phokoso n'kuulula mbali yomwe likuchokera. Wina akhozanso kuima panja, galimoto n'kumudutsa pa liwiro la munthu woyenda pansi, kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere.

Funso loyamba n'lakuti phokosolo likutsata injini kapena matayala. Galimoto itaima, dalaivala aponde mafuta. Likamveka pamenepo, vuto lili ku injini, ku lamba wake kapena ku ekizozi, ndipo matayala alibe mlandu. Likamamveka pokhapokha galimoto ikuyenda, n'kumafulumira liwiro likamakwera, osasintha posintha giya, ndiye kuti likuchokera ku chinthu chozungulira limodzi ndi tayala.

Kenako aone chomwe chimachitika phazi likangokhudza buleki. Phokoso lomwe limasiya, kusintha kapena kukula pamenepo nthawi zambiri ndi la mabuleki. Likapanda kusintha, ayese kukhotetsa galimoto pang'ono kumanja ndi kumanzere pa liwiro laling'ono, msewu uli wopanda anthu, amve ngati likukula mbali imodzi n'kuchepa mbali inayo. Funso lomaliza ndi lomwe amalonda ambiri safuna kulimva: kodi phokosolo limamvekanso galimoto ili yopanda katundu, kapena limangobwera ikadzaza ndiponso ikadumpha hampu?

Kamvekedwe kake nako kamanena zambiri. Phokoso lopitirira osadukiza, khweee, limasonyeza zinthu ziwiri zomwe zikukhulana nthawi yonse. Lodukizadukiza, khwe, khwe, khwe, kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa tayala, limasonyeza chinthu chopindika kapena chotupa chomwe chikukhudza chinzake pa malo amodzi okha. Long'ung'uza ngati ndege ili kutali n'losiyananso, ndipo lili ndi nkhani yake m'munsimu.

Mabuleki

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochitira geni, monga Probox, ali ndi mabuleki a disiki kutsogolo ndi a dilamu kumbuyo. Ku disiki kuli mapadi awiri omwe amapana disikiyo dalaivala akaponda buleki. Padi ndi kachitsulo komwe adamatapo nsanjika yolimba yomwe imatha pang'onopang'ono ngati chidendene cha nsapato. Ikakhala yatsopano nsanjikayi imakhala yokhuthala mamilimita pafupifupi 10, ndipo ikatsala 3 nthawi yosintha yakwana. Mapadi ambiri ali ndi kalilime kachitsulo komwe opanga adaika dala kuti nsanjika ikatsala pang'ono, kayambe kukanda disiki n'kumalira kuti tswii, tswii galimoto ikuyenda. Nthawi zambiri kulirako kumasiya kapena kusintha munthu akaponda buleki. Limeneli ndi chenjezo lotchipa kwambiri pa onse, chifukwa pa nthawiyo chofunika ndi mapadi okha.

Chenjezolo likanyozedwa, nsanjika imatheratu, chitsulo cha padi n'kuyamba kudya chitsulo cha disiki. Apa phokoso limakhala lolemera, ngati mphero ikugaya mwala, ndipo limakula poponda buleki. Disiki imakhala ndi mizere yozama yomwe chikhadabo chimakodwamo. Zikafika apa mapadi atsopano okha sakwaniranso, chifukwa disiki yokandika imawadya msanga, ndiye munthu amagula zonse ziwiri. Mapadi ena otsika mtengo alibe n'komwe kalilime kaja, motero amachoka pa chete n'kufika pa mphero osachenjeza. Ndi chifukwa chake kusuzumira ndi tochi ya foni pakati pa mipata ya limu, kapena kuchotsa tayala kamodzi pa miyezi ingapo, si kutaya nthawi.

Vuto lobisika kwambiri ndi buleki yomwe yagwira osabwerera. Chipangizo chomwe chimakankha mapadi, chotchedwa caliper, chili ndi pisitoni ndi timapini totsetsereka totetezedwa ndi malabala. Labala akang'ambika, fumbi ndi madzi a matope zimalowa, dzimbiri n'kugwira, ndipo padi imangokhala yokhudza disiki ngakhale phazi lachoka pa buleki. Galimoto yotere imakwecha mosalekeza, imakokera mbali imodzi, imamwa mafuta ambiri ngati ikukwera chitunda nthawi zonse, ndipo ikaima pamamveka fungo la chinthu chopserera. Kuyesa kwake n'kosavuta. Dalaivala ayende makilomita angapo osaponda buleki kwambiri, aime, kenako ayandikize kuseri kwa dzanja pa limu iliyonse, kuyerekeza la kumanja ndi la kumanzere. Tayala limodzi likamatulutsa moto kuposa linzake, vuto lili pamenepo. Disikiyo asaigwire, imawotcha ngati mbaula, ndipo asaithire madzi, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika.

Kuopsa kwa buleki yogwirayi pa mtsetse wa ku Chikwawa kuli m'mafuta a mabuleki. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma mafutawa amayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo akakalamba akhoza kuwira pa madigiri 140. A DOT 4 amapirira kuposerapo, madigiri 230 akakhala atsopano ndi 155 akayamwa madzi. Mafuta akawira, m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Buleki yomwe yafika pa Madziabango ili yotentha kale ilibe malo otsala oti ilandire kutentha kwa makonawo. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka ziwiri zilizonse, chinthu chomwe eni magalimoto a kaunjika ambiri sanachitepo chigulireni. Potsika, galimoto ikhale m'giya yaing'ono kuti injini ithandize kuigwira, ndipo ya otomatiki iikidwe pa 2, L kapena B malinga ndi momwe idapangidwira. Chizolowezi chotsika pa nyutirolo kapena chozimitsa injini pofuna kusunga mafuta n'choipa kawiri: mabuleki amagwira ntchito yonse okha, ndipo injini ikazima mphamvu yothandizira buleki imatha munthu akangoponda kawiri kapena katatu.

Kumbuyo, m'kati mwa dilamu, muli mapadi opindika ndi timasipuling'i towabweza. Fumbi likachuluka, kasipuling'i kakaduka, kapena waya wa handibuleki akauma osabwerera, mumamveka kukwecha kodukizadukiza. Pa liwiro la munthu woyenda pansi, dalaivala akoke handibuleki pang'ono chabe atagwira batani lake. Phokoso likasintha, likuchokera kumbuyo. Pali anthu omwe amathira oyilo kapena gilizi pa mabuleki kuti asiye kulira. Phokoso limasiyadi, limodzi ndi buleki yomwe.

Phokoso laulere

Kuseri kwa disiki kuli chitsulo chopyapyala ngati lata chomwe chimatchinga fumbi ndi madzi. Mpata wa pakati pa chitsulochi ndi disiki ndi wochepa kwambiri, moti kamwala kochepa ngati njere ya chimanga kakalowamo kamalira moopsa, ngati tayala likuguluka. Izi zimachitikachitika m'misewu yafumbi, komanso m'malo omwe madzi adakokolola msewu n'kusiya miyala, monga zidachitikira m'madera ambiri a Blantyre ndi Chikwawa pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Chizindikiro chake n'chakuti phokoso limayamba mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono, ndipo buleki imagwira bwinobwino. Kubwerera m'mbuyo mamita angapo nthawi zina kumagwetsa kamwalako. Chitsulo chija chikapindika ndi chitsa kapena ndi dzanja la amakaniko, chimangofunika kuchikankha ndi sikuludilaiva kuti chitalikirane ndi disiki.

Galimoto yomwe yagona pa mvula kapena yatha masiku osayenda imachita dzimbiri lopyapyala pa disiki, ndipo imakwecha m'mawa. Limeneli limatha lokha munthu akaponda buleki kangapo. Palinso zinthu za amalonda eni ake: chingwe cha mphira chomangira katundu, chiguduli cha thumba kapena waya zikalendewera, zimazengerezeka kuseri kwa tayala, ndipo zikakhalitsa zimang'amba malabala ndi mapaipi a buleki.

Bearing

Tayala limazungulira pa bearing, kachipangizo ka timipira tachitsulo tokhala m'gilizi m'kati mwa hub, chitsulo chomwe tayala limamangidwapo. Adani ake ndi zigwembe, katundu wopyola muyeso ndi madzi. Galimoto ikawoloka madzi akuya bearing ili yotentha, madzi amatha kulowa n'kuononga gilizi, ndipo phokoso limadzayamba patapita milungu, mwini wake ataiwala kale za kuwolokako.

Bearing yoyamba kutha imang'ung'uza, wuuu, ndipo imamveka bwino pa liwiro lapakatikati ndi lalikulu. Buleki siisintha phokosoli kwenikweni, koma kukhota kumalisintha. Galimoto ikakhotera kumanzere, kulemera kwake kumatsamira ku matayala a kumanja, ndiye phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri bearing yodwala ili kumanja. Likakula pokhotera kumanja, ili kumanzere. Lamuloli limaphonya nthawi zina, choncho asanagule kanthu munthu atsimikize ndi jeke. Achenjerenso ndi tayala lodyeka mosafanana, lokhala ndi timitunda pa mapazi ake, chifukwa limang'ung'uza chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti phokoso la tayala limasintha galimoto ikachoka pa tala wosalala kupita pa wokhakhala, ndipo tayalalo likasunthidwa kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, phokoso limasamuka nalo. Kusuntha matayala n'kwaulere, pomwe bearing ndi ndalama, ndiye choyamba kuyesa n'chodziwikiratu.

Bearing siichira yokha, ndipo kung'ung'uza kukasanduka kugaya, tayala n'kumatentha, mathero ake ali pafupi. Ikhoza kugwira tayala lisazungulire, kapena kulimasula kuti lizigwedera mpaka kuononga hub ndi buleki. Pa magalimoto a ABS, getsi la ABS limatha kuyaka chifukwa kachipangizo kowerenga liwiro la tayala kali pomwepo. Posintha, bearing yolowetsa mothina imafunika makina okankhira. Yolowetsedwa ndi nyundo imavulala isanayende n'komwe, ndipo pakapita miyezi yochepa mwini galimoto amadzadandaula kuti adamugulitsa ya feki, chikhalirecho idaphedwa pomanga.

Katundu

Magalimoto onyamula katundu ochokera ku Japan amabwera ndi kachizindikiro kumbuyo kolembedwa nambala ya makilogalamu omwe ayenera kunyamula. Pa Probox nambalayo nthawi zambiri ndi 400, ndipo imeneyo ndi ya pamene m'galimotomo muli anthu awiri okha. Mukakhala anthu asanu, muyeso umatsikira pa 250. Makilogalamu 400 ndi matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50. Aliyense woima pa Lirangwe kapena pa Madziabango tsiku la msika amadzionera yekha kuti matumba 8 ambiri amawatenga ngati poyambira chabe, ndipo Sienta, yomwe idapangidwira banja la anthu 7, imasenzetsedwa anthu, mbuzi ndi matumba a mbatata pamodzi.

Galimoto ikalemedwa, masipuling'i amaphwa, thupi lake limatsika, tayala n'kuyamba kukhudza m'kati mwa madigadi. Phokoso lake ndi la labala pa pulasitiki kapena pa chitsulo, limabwera pa hampu, pa chigwembe ndi pa kona, ndipo limatha katundu akatsitsidwa. Umboni wake umaoneka ndi maso: malo onyezimira kapena operepeseka m'kati mwa madigadi, ndi mzere wosalala kapena wodulidwa m'mbali mwa tayala. Kukhala kovuta kuona, munthu apake choko m'mbali mwa tayala, ayende pang'ono ndi katunduyo, kenako aone pomwe choko chafufutika. M'mbali mwa tayala ndi mopyapyala kuposa pamapazi pake, ndipo tayala lodulidwa m'mbali silimatika. Kukhulako kukapitirira tayala limaphulika, ndipo limaphulika pomwe lalemedwa kwambiri, pa kona.

Masipuling'i ndi mashoko omwe asenza mopyola kwa nthawi yaitali amatopa, moti galimoto imayamba kukhula ngakhale ndi katundu wochepa. Zimachitikanso kwa omwe amanga matayala akuluakulu pofuna kuti galimoto ikwere m'mwamba, ndipo amenewa amakhula kwambiri chiwongolero chikapotoledwa mpaka kumapeto. Saizi yoyenera ya tayala ndi mlingo wa mpweya zimalembedwa pa kapepala komata pa chimango cha chitseko cha dalaivala. Nthawi zina vuto ndi pulasitiki ya m'kati mwa madigadi yomwe yamasuka timabatani take titaduka, ndipo imeneyi kawaya kakang'ono kamaimanga.

Masamu ake ndi osavuta kwa munthu wa geni. Matumba owonjezera amabweretsa ndalama lero, koma amadya tayala, bearing, mashoko ndi mapadi zonse pamodzi, ndipo zinthu zimenezi zimagulidwa pa mtengo wotsata dola, pomwe tomato amagulitsidwa pa mtengo wa pa msika wa Dyeratu.

Pali maphokoso enanso awiri atatu oyenera kuwadziwa. Kugogoda kofulumira, kha kha kha, pokhota kwambiri galimoto ikunyamuka, ndi CV joint ya kutsogolo, ndipo labala wake amapezeka atang'ambika, gilizi atamwazikira m'kati mwa limu. Kugunda kolemera kamodzi pa kuzungulira kulikonse, chiwongolero n'kumavina pa liwiro laling'ono, ndi tayala lotupa lomwe mawaya ake a m'kati alekana. Izi zimakonda matayala a kaunjika okalamba. Manambala anayi omaliza pa chidindo cha DOT m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa, moti 2316 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Choopsa kwambiri ndi manati omasuka, omwe amagogoda ndi kugwedeza galimoto, makamaka ngati tayala lidachotsedwapo posachedwa. Amenewa sadikira mawa, ndipo sipanala ya matayala ndi yokwanira.

Kutsimikiza ndi jeke

Galimoto iime pa malo olimba ndi athyathyathya, katundu atsitsidwe, ndipo matayala otsala atsekedwe ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Ikakwezedwa, tayala la sipeya ligonekedwe pansi pa galimotoyo kuti jeke akaterereka, igwere pamenepo. Munthu asalowetse mutu kapena thupi pansi pa galimoto yoimira jeke yekha.

Tayala lizunguzidwe ndi dzanja. Poyesa la kutsogolo giya ikhale pa nyutirolo, handibuleki itakokedwa, ndipo poyesa la kumbuyo handibuleki imasulidwe, miyala ija ndiyo igwire galimoto. Kukhula kopepuka kwa mapadi pa disiki n'kwachibadwa. Tayala lolimba kuzunguza kapena loima msanga kuposa linzake ndi buleki yogwira. Dzanja lina likagwira sipuling'i tayala likuzungulira, bearing yowonongeka imamveka ngati mchenga ukunjenjemera m'chitsulomo. Kenako munthu agwire tayala pamwamba ndi pansi, n'kulikankha ndi kulikoka. Siliyenera kugwedera. Likagwedera, mnzake aponde buleki: kugwederako kukatha ndi bearing, kukapitirira ndi zolumikizira za miyendo ya galimoto. Tayala likachotsedwa, maso amaona zotsalazo: kukhuthala kwa mapadi onse awiri, wa kunja ndi wa m'kati, mizere pa disiki, kamwala, labala wong'ambika ndi mafuta odontha.

Kwa amakaniko ndi ku shopu

Munthu wofika pa galaja n'kungoti "ikulira" wapereka mpata woti ayesereredwe sipeya ndi sipeya. Wofika n'kunena kuti, "Achimwene, ndi tayala la kutsogolo kumanja, limakwecha osadukiza, limatentha kuposa linzake, ndipo ndikaponda buleki phokoso limasintha," wachepetsa kale ntchito ndi mtengo wake. Amakaniko abwino amayamba akwera galimotoyo n'kumva okha, ndipo sakana kuonetsa mwini wake chomwe chawonongeka chisanagulidwe chatsopano. Mtengo wa ntchito ugwirizanidwe sipanala isanagwire, ndipo zochotsedwazo mwini galimoto atenge.

Popita kukagula sipeya, atenge chakalecho m'manja komanso nambala ya chasisi. Dzina lakuti Probox lokha silikwanira, popeza galimotoyi idayamba kupangidwa mu 2002 n'kusinthidwa kwambiri mu 2014, ndipo sipeya ya NCP51 si nthawi zonse imalowa pa NCP160. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, apo ayi galimoto imakokera mbali imodzi poima. Bearing imasinthidwa yodwalayo yokha. Pa masipeya a kaunjika, limu, hub kapena disiki yokhuthala bwino zikhoza kupulumutsa ndalama, koma mapadi ndi bearing zogwiritsidwa kale ntchito n'kugula vuto la mnzako. Paipi ya buleki yodontha isatsekedwe ndi msomali kapena kuphwanyidwa ndi pulayala kuti ulendo upitirire, chifukwa galimoto yatsala ndi mabuleki atatu ndipo idzapotoka pa kona yoyamba.

Chikalata cha COF chochokera ku nthambi ya boma ya Road Traffic chimangonena momwe galimoto idalili tsiku lomwe idayesedwa. Mapadi omwe adadutsa mayeso miyezi isanu yapitayo atsika mtsetse wa Thabwa maulendo ambiri chiyambire tsikulo. Kabuku kolembamo tsiku ndi makilomita omwe mapadi, bearing kapena tayala zidamangidwa kamathandiza mwini galimoto kudziwa msanga chomwe chayandikira kutha, ndi kupatula kangachepe pa ulendo uliwonse m'malo mokakongola katapila tsiku lomwe galimoto yagona panjira.

Amalonda ambiri owerenga tsamba lino alibe galimoto, amachita hayala kapena kukwera matola. Nawonso nkhaniyi ndi yawo, chifukwa galimoto ikafera pakati pa makona dzuwa la ku chigwa likuswa mtengo, tomato ndi nsomba zomwe zimaonongeka ndi zawo, ndipo tsiku la msika silibwerera. Asananyamuke azungulire galimotoyo, aone ngati tayala la kumbuyo lalowa m'madigadi, ndipo agwirizane ndi mwini wake kuti galimoto ikafa panjira, yonyamula katunduyo alipira ndani. Akamva phokoso ndi fungo la kupserera, kunena kuti "Adalaivala, taimani kaye pa Madziabango tione tayalali" si chipongwe.

Poimapo, chosankha chimakhala chimodzi mwa ziwiri. Kamwala, dzimbiri la m'mawa ndi pulasitiki yomasuka zimakonzeka pomwepo. Tayala lokhula chifukwa cha katundu limafuna kuti matumba ena atsike, atsale kapena akwere galimoto ina. Kalilime ka mapadi kongoyamba kumene kulira kamalola galimoto yopepuka kubwerera ku tauni mosamala kukasintha, osati kutsika chigwa itadzaza. Koma chitsulo chogaya chinzake poponda buleki, tayala lotentha kuposa anzake, buleki yofewa, tayala logwedera kapena lotupa, zonsezi sizitsika mtsetse mpaka zitakonzedwa, ngakhale msika utatsala ola limodzi.

Ntchito ikatha pa galaja, dalaivala aponde buleki kangapo galimoto isanasunthe, mpaka phazi limve kulimba, chifukwa mapadi atsopano amakhala atatalikirana ndi disiki ndipo kuponda koyamba kumalowa pansi. Masiku oyamba apewe kuima mwadzidzidzi ngati palibe chifukwa, kuti mapadi akhazikike. Manati a tayala lomwe lidachotsedwa amafunika kumangidwanso pakatha makilomita pafupifupi 50, ndipo kwa amene wakonzetsa ku Limbe kapena ku Ndirande n'kulowera ku Chikwawa, makilomita amenewo amakwanira ali kale m'makona kapena kumunsi, choncho sipanala ituluke pa Madziabango.